Thumba ndi Loweruka

Andipatsa penti yofiira ndi nsalu ya mamita asanu ndi atatu,
akuti pofika Lachisanu ndikhale nditalemba:
CHIKHO CHA SOPO WA MBEE.
Ndawerenga zilembo, ndawerenganso ndalama.
Zikukwana fizi ya Esinta ya teremu ino.
Ndavomera.

Komatu mpira umenewu unali nalo dzina.
Ophunzira zauphunzitsi akamatsika ku Bembeke
atathithikana m'lole ya mishoni,
a zankhalango akamachokera ku Chongoni
malaya akununkha utomoni wa paini,
panalibe wonena kuti makoleji akumana.
Tinkangoti: Thumba ndi Loweruka.

Amene anaubatiza ndi Gelesomu Kamtedza, mlimi,
atalawa pang'ono, osati kwambiri.
Anatsitsa panjinga thumba la kachewere
lomwe linasowa wogula pamsika,
nati, wopambana akadye.
Palibe anasaina pepala.
Chaka chotsatira anabwera nalo lina, ali bwinobwino,
ndipo atatisiya, mkazi wake Nangozo anapitiriza
mpaka maondo anayamba kumukanira.

Ine ndinagwira pagolo la a Chongoni zaka ziwiri
fizi isanandibweze kumudzi.
Chala chokhota ichi, chimene chapana burashi,
chinathyokera thumba limenelo
tsiku lomwe chifunga chinatsika paphiri
woimbira n'kumaliza wezulo mongoganizira.
Tinakazinga usiku wonse m'chiwaya chobwereka.
Ogonja anabwera ndi mchere.

Sindikuti a kampani ndi oipa.
Abweretsa maukonde; kale chigoli chinkagamulidwa ndi mkangano
komanso tiana tokhala kuseri kwa golo.
Abweretsa majezi a nambala zosasuluka,
bokosi la mankhwala, madzi a m'mabotolo,
ndipo anyamata sadzabwerekananso nsapato ya kumanzere.
Mtsikana wawo wochokera ku Lilongwe anandilankhula mwaulemu
akunjenjemera ndi mphepo ya Juni m'kajekete kopyapyala.
Anati: achimwene, dzina lakale lija lisamveke pachimkuzamawu,
zili mu mgwirizano, tsamba lachinayi.
Zaka zitatu. Kenako tidzaona.

Kenako adzaona.
Mwina adzabwera a mafuta ophikira,
mwina a ngongole za pafoni,
ine n'kupakanso zoyera pamwamba,
kudikira ziume, kulembanso.
Mwana womusintha dzina zaka zitatu zilizonse,
mukadzamuitana madzulo, adzacheuka?

Loweruka lafika.
Nsalu yanga ikukupiza pakati pa mabulugamu awiri,
B wapendekeka pang'ono, palibe waona.
Wa kabaza pasiteji akukuwa: Ku Thumba! Ku Thumba, tiyeni bwana!
Wolengeza walitchula bwino dzina latsopano kanayi,
kachisanu lilime laterereka,
bwalo lonse gwa! kuseka,
mtsikana uja walemba kanthu m'kabuku.

A Bembeke apambana ziwiri kwa chimodzi,
chachiwiricho cha mutu, mphindi zitatha kale.
Alandira cheke chachikulu ngati chitseko,
chosakazingika,
ajambulitsa, aombera m'manja monga anauzidwira.

Anthu atayamba kubalalika
ndaona mdzukulu wa Nangozo, wamng'ono uja wa chipsera pachibwano,
akukankha njinga kuseri kwa golo la kumpoto,
thumba lomangidwa ndi malegeni,
dothi la kumunda likadali kukamwa kwake.
Sanapemphe chilolezo kwa aliyense.
Kaputeni watsamiritsa cheke pamtengo,
wawerama,
anzake amusenzetsa.

Ine ndamasula nsalu, ndaipinda, ndakaipereka.
Andiwerengera ndalama zanga, zakwana.
Panjira ndagula mchere.